Sodwana, Aliwal Shoal, Ponta do Ouro, Tofo kapena kwathu ku Chembe: kosambira pansi pa madzi kwa wokhala ku Johannesburg

Johannesburg ndi mzinda wopanda nyanja, choncho munthu wokhala kuno akafuna kukaona zamoyo za pansi pa madzi amayamba wawerengera msewu, masiku a tchuthi ndi mapepala ake asanaganize n'komwe za nsomba. Funso lakuti kwabwino n'kuti landipeza kangapo kuchokera kwa anzathu a kumudzi, makamaka amene anakulira ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhata Bay, omwe madzi sawaopa koma sanapumepo mpweya wa m'botolo ali pansi. Yankho langa limasintha malinga ndi amene wafunsa, chifukwa malo okongola pa chithunzi angathe kusayenerana ndi luso la munthu, thumba lake kapena chiphaso chimene akukhalira m'dziko lino. M'munsimu ndayerekeza malo anayi a madzi ofunda a m'mbali mwa Indian Ocean, ndipo ndawonjezerapo nyanja yathu ya Malawi, popeza ambiri a ife timakafikako ndithu pa Disembala.

Zoyenera kuyeza musanasankhe

Chinthu choyamba ndi satifiketi, chifukwa malo alionse odalirika sangakubwerekeni botolo la mpweya musanaionetse. Mabungwe odziwika amene amaipereka ndi PADI, SSI, NAUI ndi CMAS. Gawo loyamba la PADI, lotchedwa Open Water, limakulolani kutsika mpaka mamita 18, gawo la Advanced limakufikitsani pa mamita 30, ndipo malire a kusambira kongosangalala ndi mamita 40. Manambala amenewa ndi amene amatsegula kapena kutseka malo ambiri amene nditchule, kotero muwasunge m'mutu. Pa maphunziro oyamba mumayenera kusambira mamita 200 osaima ndi kuyandama kwa mphindi 10, zomwe kwa mwana wa kunyanja ndi masewera chabe, koma wokulira ku Ntcheu kapena ku Mzimba ayambe wapita ku dziwe losambiriramo kwa masabata angapo. Maphunzirowa mungathe kuwamaliza kuno komwe, pa migodi yakale yodzala madzi monga Miracle Waters pafupi ndi Brits kapena Bass Lake pafupi ndi Henley on Klip, kuti masiku a kunyanja musawathere pa kuphunzira kuchotsa madzi m'magalasi.

Pa malo alionse ndayeza zinthu zinayi. Mtengo ndauwerengera wonse, kuyambira mafuta a galimoto ndi malo ogona mpaka kubwereka zida, ndipo popeza mitengo imasintha nyengo ndi nyengo, ndalozera mbali imene imadya ndalama zambiri pa malo alionse. Kafikidwe ndi msewu, nyengo yabwino ndi mapepala ofunika. Kusamalira ndi zimene malowo amafuna kwa inu, kwa zida zanu ndi kwa galimoto yanu kuti mudzapitenso. Zoopsa ndi za m'madzi ndi za pamtunda zomwe.

Pali choopsa chimodzi chimene chimatikhudza ife a ku Johannesburg kuposa a ku Durban kapena a ku Maputo, ndipo ndichifotokozeretu chifukwa chikhudza malo onse asanu. Mamita 10 alionse amene mwatsika amawonjezera kupanikizika kofanana ndi kwa mpweya wonse wa pamtunda, ndipo munthu akamapuma mpweya wopanikizika choncho, thupi lake limamwa nayitrogeni wambiri, yemwe amatuluka pang'onopang'ono kwa maola angapo munthuyo atavuuka. Mukakwera pamalo okwera nayitrogeniyo asanathe, amatha kusanduka timathovu m'magazi ndi m'mfundo, monga mmene chimachitira chakumwa cha m'botolo mukachitsegula mwadzidzidzi. Matenda ake, amene osambira amawatcha bends, amayamba ndi kupweteka kwa mfundo, dzanzi kapena chizungulire, ndipo nthawi zina amapuwalitsa ziwalo. N'chifukwa chake bungwe la DAN, loona za chitetezo cha osambira pansi pa madzi, limalangiza kudikira maola osachepera 12 musanakwere ndege ngati mwatsika kamodzi, ndi maola osachepera 18 ngati mwatsika kangapo kapena masiku otsatizana. Tsono Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja, zomwe sizisiyana kwenikweni ndi kupanikizika kwa mpweya wa m'kati mwa ndege youluka. Kubwerera kuno pa galimoto kuli ngati kukwera ndege, kungoti ndi ya pamsewu. Ulendo ulionse muuwonjezere tsiku limodzi lopanda kutsika m'madzi, ndipo tsiku limenelo liwerengedwe pa mtengo.

Sodwana Bay

Sodwana ili kumpoto kwa KwaZulu-Natal, pafupi ndi tauni ya Mbazwana, m'kati mwa iSimangaliso Wetland Park, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1999. Madzi ofunda a Agulhas amene amatsika kuchokera kumpoto ndi amene amachititsa kuti makorali, tizamoyo timene timamanga matanthwe a m'nyanja, akule kumwera chonchi, ndipo kutentha kwa madzi kumakhala pa madigiri 21 kapena 22 m'nyengo yozizira n'kufika pa 27 kapena 28 m'chilimwe cha kuno. Matanthwe ake amatchedwa malinga ndi mtunda wake kuchokera pa Jesser Point, pamene mabwato amanyamukira: Two Mile, Five Mile, Seven Mile ndi Nine Mile. Two Mile ndi thanthwe lalikulu limene mbali zake zambiri sizipitirira mamita 18, choncho wa Open Water amalikwanitsa bwinobwino. Mitundu ya nsomba imene inalembedwa kumeneko ndi yoposa 1,000. Mudzaona mikunga ya moray itasuzumira m'mapanga kukamwa kuli yasaa, akamba a m'nyanja akudya mosatekeseka, ndi potato bass, chinsomba chamawangamawanga chimene chimatha kukula kuposa mamita 1.5 ndipo chimakutsatirani ngati galu wa pakhomo. Cha m'Disembala mpaka Febuluwale mashaki aakazi a ragged-tooth, amene aliyense amangowatcha raggies, amasonkhana pa thanthwe la Quarter Mile ali ndi bere. Akamba a loggerhead ndi leatherback amaikira mazira pamchenga kuyambira Novembala, ndipo anangumi a humpback amadutsa pakati pa Juni ndi Novembala. Mu 2000 osambira ena anapeza nsomba za coelacanth, zimene kale anthu ankaganiza kuti zinatha padziko, zili zamoyo mu Jesser Canyon pakuya kwa mamita oposa 100, koma kumeneko si kwa ife.

*Mtengo.* Pa malo onse a kunyanja ya mchere, Sodwana ndi kumene ndalama yanu imagula maulendo ambiri a pansi pa madzi. Masukulu osambira ndi ambiri ndipo amapikisana, malo ogona amayambira pa tenti mpaka pa nyumba zodziphikira, ndipo mukagwirizana anthu anayi pa galimoto imodzi n'kunyamula ufa ndi ndiwo zanu, zimapepuka kwambiri. Muwonjezerepo ndalama ya pachipata cha paki, ndi chilolezo cha boma chosambirira m'malo otetezedwa a m'nyanja, chimene sukulu imakuuzani kagulidwe kake. Matanthwe akutali monga Seven Mile ndi Nine Mile amakwera mtengo chifukwa cha mafuta a bwato.

*Kafikidwe.* Ndi makilomita oposa 600, maola 7 kapena 8, kudzera pa N17 mpaka Ermelo, kenako N2 kudutsa Piet Retief ndi Pongola. Msewu wa N2 umadzaza ndi malole a malasha, ndipo chigawo chotsiriza cholowera ku Mbazwana chili ndi ng'ombe ndi mbuzi zongoyendayenda, choncho musachiyende usiku. Simutuluka m'dziko, kotero pasipoti siifunika. Pa Khirisimasi ndi pa Pasaka kumakhala anthu osaneneka. Ine ndimakonda kumapeto kwa Epulo ndi Meyi, madzi akadali ofunda ndipo mphepo ya Ogasiti mpaka Okutobala isanayambe.

*Kusamalira.* Mchenga ndi mchere ndi adani a zida. Regulator, chida chopumira mpweya wa m'botolo, iviikidwe m'madzi abwino tsiku lililonse kachivindikiro kake kali kotseka, ndipo ikaonedwe ndi katswiri chaka ndi chaka. Chovala cha labala cha mamilimita 5 chimakwanira chaka chonse, cha 3 chimakwanira m'chilimwe mokha. Galimoto wamba imafika, koma mukabwerako itsukeni kunsi kwake.

*Zoopsa.* Ku Sodwana kulibe doko, choncho bwato limalowa m'nyanja podula mafunde, ndipo wozolowera kukwera bwato pa Senga Bay adzadabwa. Bwatolo ndi la labala la injini ziwiri, limene amalitcha rubber duck. Thirakitala imalikankhira m'madzi, nonse mumaligwira m'mbali madzi ali m'chiuno, woyendetsa akafuula mumadziponyera m'katimo, kulowetsa mapazi m'malamba a pansi ndi kugwira chingwe ndi manja awiri. Iye amazungulirazungulira kudikira mpata pakati pa mafunde, akaupeza amatsegula injini zonse, ndipo bwato limadumpha n'kugwa ndi chiphokoso chimene chimamveka mumsana. Pobwerera amalithamangitsa mpaka kulikweza pamchenga. Amene ali ndi vuto la msana aganize kawiri. Tsiku langa loyamba ndinadya mazira ndi soseji m'mamawa, ndipo tisanatsike n'komwe chakudyacho ndinali nditagawana kale ndi nsomba za ku Two Mile. Kuyambira pamenepo ndimamwa mankhwala oletsa nseru usiku wake, n'kudya pang'ono chabe. Malungo aliko ngakhale si ambiri. Pobwerera msewu umakufikitsani ku Ermelo, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, m'maola ochepa, choncho kutsika m'madzi Lamlungu m'mawa n'kunyamuka masana, monga amachitira ambiri ofuna kukafika ku ntchito Lolemba, ndi kuseweretsa thupi.

Aliwal Shoal

Aliwal Shoal ndi thanthwe limene lili makilomita pafupifupi 5 kuchokera kugombe la Umkomaas, kumwera kwa Durban. Linatenga dzina la sitima ya Aliwal imene inatsala pang'ono kuliomba mu 1849, ndipo sitima ziwiri zimene sizinachite mwayi zikadali pansipo: Nebo, imene inamira mu 1884, ndi Produce, imene inamira mu 1974. Thanthweli ndi milu ya mchenga yakalekale imene inauma n'kusanduka mwala, kotero lili ndi mapanga ndi zipata m'malo mwa minda ya makorali ya ku Sodwana. Anthu amapitirako mashaki. Kuyambira cha m'Julayi mpaka Novembala ma raggies amadzaza pa mbali za thanthweli zotchedwa Raggies Cave ndi Cathedral, ndipo ngakhale mano awo ali panja ngati minga, amangoyandama mwaulesi osakulabadirani. M'chilimwe kumabwera ma tiger shark, pamene ma blacktip amapezeka chaka chonse.

*Mtengo.* Kutsika kumodzi sikusiyana kwambiri ndi ku Sodwana, koma maulendo okopa mashaki ndi nyambo amadula kwambiri. Msewu wa N3 uli ndi matolgeti angapo popita ndi pobwera. Phindu lake n'lakuti muli pafupi ndi mzinda, choncho amene ali ndi m'bale ku Durban kapena ku Amanzimtoti angapulumutse ndalama ya malo ogona. Chilolezo cha boma chija chimafunikanso kuno, popeza malowa ndi otetezedwa kuyambira 2004.

*Kafikidwe.* Awa ndi malo osavuta kufikako pa onse. Pa N3 ndi makilomita pafupifupi 570 kukafika ku Durban, kenako ena pafupifupi 50 kumwera pa N2. Mabasi ochokera ku Park Station amapita ku Durban tsiku lililonse, ndipo ndege yopita ku King Shaka imatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa, choncho wopanda galimoto angathe kufika. Mvula ya m'chilimwe ikagwa, mtsinje wa Mkomazi umathira matope m'nyanja ndipo madzi amada, pamene m'nyengo yozizira amayera koma amazizira mpaka madigiri 19 kapena 20.

*Kusamalira.* Chovala cha mamilimita 5 n'chofunika, ndipo wozizidwa msanga awonjezere chipewa cha labala. Chachikulu chimene Aliwal imafuna ndi luso losachita dzimbiri. Ngati patha miyezi 6 kapena chaka musanatsike, yambani mwabwereza maphunziro kwa tsiku limodzi ku Miracle Waters kapena pa dziwe la sukulu.

*Zoopsa.* Madzi amakoka kwambiri, ndipo kawirikawiri mumangotengeka nawo bwato likukutsatirani pamwamba poyang'ana chiboya cha wotsogolera. Mukasiyana ndi gulu mufunika chibaluni chanu chachitali chodziwitsira bwato pamene muli. Cathedral ndi sitima ziwiri zija zili kupitirira mamita 18, choncho zimafuna Advanced. Kulowa m'nyanja podutsa pamathiriro a mtsinje kumakhala kovuta kuposa ku Sodwana masiku ena. Za kukopa mashaki ndi nyambo anthu amatsutsana, ndipo ine sindikukonda, chifukwa nyama yolusa imene yazolowera kuti phokoso la bwato ndi chakudya yasinthidwa khalidwe, ngakhale ochita malondawa amanena kuti ndalama zake ndi zimene zimateteza mashakiwo kwa asodzi. Mbali yabwino n'njakuti chipinda chochizira bends chili ku Durban, pafupi kuposa malo ena onse. Pobwerera N3 imakwera msanga, ndipo pa Van Reenen mumakhala muli pafupi ndi mamita 1,700.

Ponta do Ouro

Ponta ndi kamudzi ka kumapeto kwenikweni kwa Mozambique, makilomita ochepa kuchokera pa malire a Kosi Bay. Nyanja yake ndi yomweyo ya ku Sodwana, kungoti mwadutsa malire, ndipo inatetezedwa mu 2009 isanaphatikizidwe ku Maputo National Park. Matanthwe ake ndi ang'onoang'ono, obalalika pamchenga ngati zilumba, ndipo nsomba zimaunjikana pamenepo. Creche ndi Doodles ndi osaya, oyenera ongoyamba kumene, Bass City ili ndi ma potato bass akuluakulu, pamene Pinnacles ndi yakuya mamita oposa 30 ndipo m'chilimwe kumabwera mashaki a hammerhead ndi a Zambezi. Madolofini amakhala komweko chaka chonse, ndipo pali maulendo okasambira nawo opanda botolo, zomwe zimathandiza ngati mwapita ndi a m'banja amene alibe satifiketi.

*Mtengo.* Zonse pamodzi Ponta imadula kuposa Sodwana. Kutsika m'madzi kumakwererako pang'ono, kenako pamabwera inshuwalansi ya galimoto ya ku Mozambique, ndalama ya paki ndi mankhwala oteteza ku malungo. Ndalama ya kumeneko ndi metical, koma marandi amalandiridwa paliponse, ngakhale posintha m'sitolo mumaluza pang'ono.

*Kafikidwe.* Kale kunkafika magalimoto amphamvu okhaokha chifukwa cha mchenga, koma kuchokera pamene mlatho wa Maputo–Katembe unatsegulidwa mu Novembala 2018 pamodzi ndi msewu wa phula wopita kumwera, galimoto wamba imafika pamudzipo, ngakhale timisewu ta m'kati tikadali ta mchenga. Njira zilipo ziwiri: N4 kudzera ku Komatipoort ndi Maputo, kapena N2 mpaka ku Kosi Bay, kumene chipata chimatseka madzulo. Pasipoti ya Malawi siifuna viza pa ulendo waufupi wa ku Mozambique. Vuto lili pa kubwerera. Amene masiku ake m'dziko lino anatha, akafika pa chipata amadindidwa chiletso cholowanso cha chaka chimodzi mpaka zaka 5, malinga ndi kuchuluka kwa masiku amene anapitirira, ndipo amene ali ndi pepala la asylum angathe kutaya pempho lake potuluka m'dziko. Ngati mapepala anu ali ndi kachikayiko kalikonse, Ponta ndi Tofo muzichotse pa mndandanda, nsomba zomwezo mukazionere ku Sodwana.

*Kusamalira.* Apa chosamalira chachikulu ndi mapepala a galimoto: chikalata cha umwini, kalata ya banki ngati galimoto ikadali pa ngongole, chilolezo choilowetsera m'dziko kwa kanthawi, matrayango ndi jekete yowala. Mnzanga wina anabwerera pa chipata banja lonse lili m'galimoto chifukwa kalata ya banki anaiiwala pa tebulo ku Turffontein. Zida zikawonongeka zokonzera n'zochepa, kotero nyamulani malamba apadera a magalasi ndi a zipsepse za kuphazi.

*Zoopsa.* Malungo ndi ambiri kuposa ku Sodwana, ndipo ife amene takhala zaka zambiri ku Johannesburg tisadzinamize kuti thupi likadali lolimba ngati tili ku Nsanje, chifukwa chitetezo chija chimachepa munthu akachoka kudera la udzudzu. Mukamva kutentha thupi mutabwerako, muuzeni dokotala kumene munali. Wodwala bends amayenera kunyamulidwa kupita ku South Africa, choncho inshuwalansi ya osambira, monga ya DAN Southern Africa, ndi yosati n'kuisiya. Kalowedwe ka bwato n'kodula mafunde ngati ku Sodwana. Pa N4 msewu umakhala m'chigwa mpaka ku Mbombela, kenako umakwera mwamphamvu cha ku Waterval Boven, kotero amene wakakamizika kunyamuka msanga angagone ku Mbombela.

Tofo

Tofo ili m'chigawo cha Inhambane, makilomita pafupifupi 500 kumpoto kwa Maputo, ndipo kutchuka kwake kuli pa nyama ziwiri: whale shark, nsomba yaikulu kuposa zonse padziko lapansi imene imadya makamaka tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, ndi manta, yotambasula mapiko ngati mkeka waukulu. Kafukufuku wa Andrea Marshall, amene anachitikira kumeneko, ndi amene anasonyeza mu 2009 kuti manta si mtundu umodzi. Ofufuza a komweko anapezanso kuti nyamazi zikuoneka mochepa kwambiri kuyerekeza ndi zaka za m'mbuyo, choncho wopita akhale wokonzeka kubwerako osaziona.

*Mtengo.* Ndi wokwera kuposa malo ena onse a kunyanja ya mchere, makamaka chifukwa cha mtunda ndi masiku.

*Kafikidwe.* Ndi makilomita oposa 1,000, masiku awiri pa galimoto, ndipo msewu wa EN1 umadutsa m'midzi yambiri ya liwiro lochepa imene apolisi amaima ndi makamera. Ulendowu sungakwane m'masiku ochepera 7. Pewani Januwale mpaka Malichi, nyengo ya anamondwe, monga Dineo amene anaomba Inhambane mu Febuluwale 2017.

*Kusamalira.* Mapepala ndi omwewo a ku Ponta, koma galimoto ikhale yoti yakonzedwa kumene.

*Zoopsa.* Matanthwe abwino, monga Manta Reef, ali kupitirira mamita 20 ndipo ali kutali ndi gombe, madzi amakoka, ndipo tizilombo timene timakopa nyama zikuluzikuluzo timadetsanso madzi. Chithandizo cha chipatala chachikulu chili kutali kwambiri. Whale shark amaonedwa posambira pamwamba ndi magalasi ndi kapaipi kopumira, choncho kumuona iye yekha sikufuna satifiketi.

Nyanja ya Malawi, ku Chembe ndi ku Nkhata Bay

Madzi ndi opanda mchere, ofunda madigiri 23 mpaka 28, ndipo bwato limalowa mwakachetechete popanda kudula mafunde. Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulandiridwa ndi UNESCO mu 1984, imateteza mbuna, tinsomba tamitundumitundu ta m'miyala, timene zambiri sizipezeka kwina kulikonse padziko. Pa chilumba cha Thumbi ndinaimapo mphindi zingapo kuyang'ana mbuna yaikazi italavula ana ake kuti adye, ndipo nditangoyandikira pang'ono inawameza onse m'kamwa kuwabisa. Ambirife mbuna timaidziwa ili pamwamba, ndipo kampango timamudziwa ali mu mbale, koma kumuona pansi akulondera ana ake m'phanga ndi nkhani ina.

*Mtengo.* Ngati mukupita kale kumudzi, ndi wotsika kuposa onse, chifukwa ulendo mwaulipira kale. Kupitira kusambira kokha n'kodula kuposa Tofo.

*Kafikidwe.* Basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza imatenga pafupifupi masiku awiri. Masukulu osambira ndi owerengeka, choncho muwaimbire musananyamuke. Mwera wa Meyi mpaka Ogasiti umavundula madzi, mvula ya Disembala kupita m'tsogolo imawadetsa m'malo ena, ndipo nthawi yabwino ndi Seputembala mpaka Novembala, zomwe sizigwirizana kwenikweni ndi tchuthi chathu.

*Kusamalira.* Madzi opanda mchere sawononga zida, ndipo mumavala miyala yolemetsa yochepa. Kumbukirani kuti satifiketi ya kunyanja yathu ndi yovomerezeka kulikonse, koma siikukonzekeretsani mafunde a ku Sodwana.

*Zoopsa.* Likodzo lilipo m'madzi osaya a pafupi ndi midzi, kotero mukayezetse patapita miyezi ingapo. Nyanjayo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470, choncho kompyuta yanu ya pamkono, yowerengera kuya ndi nthawi imene mwakhala pansi, ikhale yodziwa zimenezo, ndipo msewu wa Golomoti wokwera ku Dedza ufuna kudikira kofanana ndi kwa N3.

Ndani apite kuti

Amene akungoyamba kumene, ali ndi masiku 4 kapena 5 ndi ndalama zowerengeka, amalize maphunziro a m'buku ndi a m'dziwe kuno ku Johannesburg, kenako apite ku Sodwana ndi kukhazikika pa Two Mile. Chimodzimodzinso aliyense amene mapepala ake sakumulola kutuluka ndi kulowanso m'dziko mosavuta: kwa iye zosankha ndi Sodwana ndi Aliwal basi.

Wopanda galimoto, kapena amene ali ndi masiku atatu okha, Aliwal ndiye yotheka, bola akhale ndi Advanced ndi maulendo angapo a m'nyanja ya mchere m'buku lake, atsike Lachisanu ndi Loweruka, Lamlungu apume pagombe kapena anyamuke madzulo maola 18 atakwana. Wofuna ma raggies apiteko pakati pa Ogasiti ndi Okutobala atavala chovala chochindikala.

Banja limene ena amasambira ndi botolo ena ayi, lokhala ndi mapasipoti ndi mapemiti abwino, lidzasangalala ku Ponta, kumene ana angaone madolofini pamene makolo ali pa Creche. Tofo isungireni chaka chimene muli ndi tchuthi cha masabata awiri, Advanced ndi inshuwalansi, makamaka pakati pa Juni ndi Okutobala pamene anangumi amakhalaponso.

Amene amaopa mafunde, amadwala nseru msanga kapena ali ndi vuto la msana, komanso amene akupita kale kumudzi, aphunzirire ku Chembe kapena ku Nkhata Bay, ndipo masiku osambirawo awaike kumayambiriro kwa tchuthi, kuti pofika tsiku lokwera basi ku Wenela kapena ndege ku Chileka akhale atakhala pamtunda masiku angapo.